Tinawajambula, Koma Kodi Tinawafunsa?

 Nkhani ya lero ndi imodzi mwa zija zimene ena akangomva mutu wake amatambasula dzanja n'kusintha siteshoni. Ndikupempha kuti dzanjalo liyambe ladikira. Sindinabwere kudzakuchotsani pa chikhulupiriro chanu, ndipo sindinabwere kudzalalikira ukwati wa mtundu uliwonse. Ndabwera kudzakamba za ntchito yathu, ife atolankhani, olemba masewero, ojambula mafilimu ndi oulutsa mawu: momwe timaonetsera amuna okondana ndi amuna anzawo komanso akazi okondana ndi akazi anzawo, ndi zimene ana athu amatolapo pa nkhani ya kukhala mwamuna ndi kukhala mkazi.

Pa 26 Disembala 2009, ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, pamalo ogona alendo otchedwa Mankhoma Lodge, panachitika chinkhoswe. Eni mwambowo anali Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga. Tiwonge ankagwira ntchito pamalo pomwepo, yophika ndi yokonza m'nyumba. Ankavala zovala za amayi, ndipo a m'deralo ankamudziwa ndi dzina loti Anti Tiwo. Anakhala choncho pakati pa anthu kwa nthawi ndithu, akugula ndiwo pamsika womwewo, akukwera minibasi zomwezo, popanda womumanga. Patangopita masiku awiri chichitikireni chinkhoswecho, chithunzi chawo chinatuluka patsamba loyamba la nyuzipepala ya The Nation, ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu wonena kuti amuna awiri atomerana. Pa 28 Disembala pomwepo apolisi anawagwira.

Sindikunena kuti nkhaniyo sinkayenera kulembedwa. Chinkhoswecho chinachitika poyera, anthu anasonkhana, ndipo mtolankhani aliyense akanaona kuti pali nkhani. Chimene chimandiwawa ndi zimene zinatsatira m'miyezi isanu ya mlanduwo.

Belo anawakaniza, n'kuwasunga kundende ya Chichiri. Tsiku lililonse la mlandu, pakhothi la majisitireti ku Blantyre pankadzaza anthu, ena atasiya malonda awo kuti adzangoona. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale 2010, Tiwonge anabwera akudwala malungo ndipo anasanza m'khothimo. Anthu anaphulika kuseka, ena n'kumakuwa kuti Anti Tiwo ali ndi mimba. Kenaka anamupatsa chokolopera kuti akolope yekha. Inu amene mukundimvera, palibe mmodzi amene sawadziwa malungo: kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, m'kamwa kuwawa, mawondo kulobodoka, mutu kugunda. Taganizani muli choncho, mwawerama mukukolopa, khamu likukusekani, makamera ali pa inu. Mfuu ija inamveka m'dziko lonse, inalowa m'nthabwala za m'minibasi ndi za m'mabala. Za malungowo anazikumbukira ndi ochepa.

Pa 20 Meyi 2010, majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, ndipo ananena kuti akufuna chilangocho chiopseze ena. Pa 29 Meyi, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Ananena kuti awiriwo analakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo athu, koma akuwamasula chifukwa cha umunthu.

Apa pali chinthu chimene ambiri sanachimvetse, ndipo atolankhani a kunja nawonso anaphonya. Nyuzipepala za ku London ndi ku New York zinkalemba kuti awa ndi amuna awiri okondana amene aima molimba mtima kumenyera ufulu wawo. Ife kuno tinkalemba kuti awa ndi amuna awiri amene achita zamanyazi. Mbali zonse ziwiri zinagwirizana pa chinthu chimodzi, choti ndi amuna awiri. Koma Tiwonge mwiniwake ankanena mobwerezabwereza kuti iye amadziona kuti ndi mkazi, ndipo wakhala choncho kuyambira ali mwana kwawo ku Thyolo. Mutha kuvomereza kapena kukana zimene ankanenazo, umenewo ndi ufulu wanu. Koma mtolankhani amene walemba nkhani miyezi isanu osapereka malo okwanira kwa mwini nkhani kuti anene yekha kuti iye ndi ndani, sanagwire ntchito yake. A kunja ankafuna ngwazi, ife tinkafuna choseketsa, ndipo onsefe tinapeza chimene tinkafunacho.

Makamera atachoka, moyo sunabwerere mwakale. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Nkhope yake inali itadziwika paliponse, ntchito inali itatha, ndipo pamapeto pake Tiwonge anathawira ku South Africa komwe anakakhala ngati wothawa kwawo ku Cape Town. Mlembi wa kumeneko, Mark Gevisser, anacheza naye kwa zaka, ndipo mbiri yake ili m'buku lotchedwa The Pink Line limene linatuluka mu 2020. Zinatengera mlendo kuti munthu wa ku Thyolo afunsidwe bwinobwino za ubwana wake, abale ake, chikhulupiriro chake ndi njala yake. Ife amene timayankhula chilankhulo chake tinali pafupi, koma mafunso athu ankathera pa zimene zili m'kati mwa chitenje.

Wina anganene kuti kuseka sikupha. Tiyeni tipite ku Uganda. Mu Okutobala 2010, miyezi yochepa chabe mlandu wa ku Blantyre utatha, kanyuzipepala kena ka ku Kampala kotchedwa Rolling Stone, kosagwirizana ndi magazini ya ku America ya dzina lomweli, kanasindikiza mayina ndi zithunzi za anthu amene kanati ndi ogonana amuna kapena akazi okhaokha. Patsamba loyamba kanalonjeza zithunzi 100, ndipo pambali pake panali mawu oti apachikidwe. Anthu atatu, David Kato, Kasha Jacqueline Nabagesera ndi Pepe Julian Onziema, anakasuma kukhothi. Kumayambiriro kwa Januwale 2011 khothi lalikulu linagamula kuti kanyuzipepalako kanaphwanya ufulu wawo wosungiridwa chinsinsi ndi ulemu wawo, ndipo linakaletsa kupitiriza. Dziwani kuti lamulo la Uganda pa nthawiyo linkaletsa kale kugonana kotere, komabe woweruza anaona kuti lamulolo silipatsa mkonzi chilolezo chosakira anthu. Pa 26 Januwale 2011, David Kato anaphedwa ndi hamala m'nyumba mwake. Amene anamupha anamangidwa n'kupatsidwa zaka 30, ndipo apolisi anati imfayo sinakhudzane ndi nyuzipepala ija. Anzake a Kato ankanena kuti kuyambira pamene chithunzi chake chinatuluka, ankalandira mauthenga omuopseza. Mu Febuluwale 2014, tsiku lotsatira Pulezidenti Yoweri Museveni atasaina lamulo lokhwima pa nkhaniyi, nyuzipepala ya Red Pepper inatulutsa mndandanda wina, wa anthu 200.

Mndandanda wotere suuza wowerenga chilichonse chimene chingamuthandize. Sufotokoza lamulo, sufotokoza matenda, sufotokoza mkangano wa m'nyumba ya malamulo. Ntchito yake ndi kuuza landilodi amene ayenera kumutulutsa m'nyumba, kuuza bwana amene ayenera kumuchotsa ntchito, ndi kuuza anyamata a pakona nkhope yoti aidikirire usiku. Ndipo palibe amene amatsimikiza ngati zimene zalembedwazo ndi zoona. Munthu amene mukulimbirana naye malo kapena udindo atha kungopereka dzina lanu.

Kuno kwathu mawu otere tinawamvanso. Mu Januwale 2016 mneneri wa chipani china analemba pa Facebook kuti anthu otere aphedwe. Mawuwo anafalitsidwa kwambiri, ndipo mlandu umene omenyera ufulu wa anthu anamutsegulira unathetsedwa usanafike patali.

Tsopano ndibwere pa chinthu chimene chimaoneka chaching'ono, sewero. Mwaonapo kangati pasiteji kapena pa TV munthu wamwamuna akulowa akutsina mawu, akugwedeza chiuno, dzanja atalipinda, milomo atapaka? Asanatsegule n'komwe pakamwa holo yonse yagwa kale ndi phwete. Wolemba sewero sanavutike kuganiza nthabwala, kayendedweko ndiye nthabwala yonse. Munthu ameneyu m'seweromo alibe mayi, alibe ntchito, alibe ngongole, sadwala, salira maliro. Amalowa kuti asekedwe kapena kumenyedwa mbama, kenaka amatuluka.

M'holo momwemo mwakhala mnyamata wa sitandade sikisi. Mawu ake ndi ofewa, mpira saukonda, amakonda kuthandiza mayi ake kukhitchini ndipo nsima amaiphika bwino kuposa alongo ake. Mwina adzakula n'kukwatira mkazi n'kubereka ana asanu, mwina ayi, panopa iye sakudziwa chilichonse cha zimenezo. Chimene waphunzira madzulo amenewo n'choti pali kayendedwe, kayankhulidwe ndi ntchito zimene zimachotsa munthu pa gulu la amuna, ndipo ukachotsedwa aliyense ali ndi chilolezo chokuseka. Lolemba kusukulu anzake amupatsa dzina la munthu wa m'sewero uja. Bambo ake, amene anaseka nawo, ayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Mwanayo asiya kuphika, asiya kulira, ayamba kukalipa kuti amveke ngati mwamuna. Patapita zaka makumi awiri tidzakhala pa wailesi ino n'kumadandaula kuti amuna safotokoza mavuto awo, sapita kuchipatala msanga, sasambitsa ana awo, ndiponso ndi amene akuchuluka pa anthu odzipha. Tidzaiwala kuti tinawaphunzitsa tokha, tikuseka.

N'chifukwa chake ndikunena kuti nkhani imeneyi sikukhudza anthu ochepa okha. Nthabwala ya mwamuna wachikazi imagwira ntchito pokhapokha ngati tonse tagwirizana kuti kufanana ndi mkazi n'kutsika. Amayi amene mukumvera, nthabwala imeneyo imayamba yanyoza inu isanafike kwa mwini wake.

Ndipo ife a Malawi tikudziwa bwino kumene kumathera kulondera zovala ndi maonekedwe a anthu. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Lamulolo linachoka pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, koma maganizo ake sanachoke nalo. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mathalauza, mpaka amayi anzawo anachita msonkhano waukulu wokwiya ku Blantyre. Dzanja limene linavula mayi wa thalauza ndi lomwe lija limaloza mtsikana wometa tsitsi amene amasewera mpira wamiyendo n'kumuti uyu si mkazi weniweni.

Za akazi okondana ndi akazi anzawo, zofalitsa nkhani zimakonda kukhala chete, ndipo zikayankhula zimawaonetsa ngati zoseweretsa za maso a amuna kapena ngati anthu amene sanakumane ndi mwamuna woyenera. Maganizo achiwiriwa ndi oopsa kuposa momwe amamvekera. Ku South Africa, komwe malamulo amalola ukwati wotere kuyambira mu 2006, akazi akhala akugwiriridwa ndi amuna onena kuti akuwakonza. Eudy Simelane, amene ankasewera mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema mu Epulo 2008. Wojambula zithunzi Zanele Muholi anayamba mu 2006 kujambula nkhope za akazi otere, atavala zimene asankha okha, akuyang'ana kamera mwachindunji, kuti asamangotulukira m'nyuzipepala atamwalira.

Amene amaganiza kuti mafilimu a azungu akhala akuyamikira anthu amenewa kuyambira kale akulakwitsa. Ku Hollywood, kuchokera mu 1934 mpaka mu 1968, kunali malamulo a makampani a mafilimu, odziwika kuti Hays Code, amene kwa nthawi yaitali ankaletsa kuonetsa nkhaniyi poyera. Olemba anapeza njira yozembera: mwamuna wosekedwa uja, kapena chigawenga cha maonekedwe achikazi, kapena munthu womvetsa chisoni amene amafa filimu isanathe. Vito Russo, m'buku lake la mu 1981 lotchedwa The Celluloid Closet, anaika kumapeto mndandanda wa anthu otere a m'mafilimu ndi momwe aliyense anafera, ena podzipha, ena pophedwa. Choncho munthu wotsina mawu amene timamuseka pasiteji yathu si wachikhalidwe chathu monga timaganizira. Mbali ina tinamutengera m'mafilimu a kunja omwewo amene timawanena kuti akuononga ana.

Mathero a nkhani ndi amene amavuta akuluakulu ambiri. Mu 2018 mayi wa ku Kenya, Wanuri Kahiu, anatulutsa filimu yotchedwa Rafiki, yonena za atsikana awiri a ku Nairobi, Kena ndi Ziki, ana a andale awiri opikisana, amene anagwa m'chikondi. Inali filimu yoyamba ya ku Kenya kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France. Bungwe loona za mafilimu ku Kenya linailetsa. Kahiu anafotokoza kuti bungwelo linamupempha kuti asinthe mathero, chifukwa ankapereka chiyembekezo ndipo atsikanawo sankaoneka olapa. Iye anakana. M'filimuyo atsikanawo amamenyedwa ndi khamu la anthu, koma zimenezo sizinali vuto. Vuto linali loti kumapeto onse awiri akadali moyo ndipo mitu yawo sinawerame. Mu Sepitembala chaka chomwecho khothi linachotsa chiletsocho kwa masiku asanu ndi awiri okha, ndipo anthu anadzaza m'nyumba zoonetsera mafilimu ku Nairobi.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji eni akewo sabwera poyera kudzadziyankhulira? Yankho lili kwa anansi athu ku Zambia. Mu Epulo 2013, Paul Kasonkomona, womenyera ufulu wa anthu komanso wa odwala Edzi, anayankhula pa Muvi TV ku Lusaka kuti dzikolo liganizirenso malamulo ake pa nkhaniyi kuti ntchito yolimbana ndi HIV iyende bwino. Potuluka mu situdiyo anapeza apolisi akumudikira panja. Khothi linamupeza wosalakwa mu Febuluwale 2014, ndipo boma litachita apilo linagonjanso. Ngati munthu wongopereka maganizo anagona m'chitokosi, mukuganiza kuti mnyamata wa ku Ndirande kapena mtsikana wa ku Kawale angabwere pa maikolofoni ndi dzina lake lenileni? Mtolankhani amene akufunadi kumva ayenera kupita yekha, kubisa dzina, kusintha mawu, kusatchula dera, ndi kusunga lonjezo lake ngakhale mkonzi atamukakamiza.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena pamene mwakhalapo: lamulo limaletsa, mpingo ndi mzikiti zimaletsa, ndiye mukufuna atolankhani alimbikitse zoletsedwa? Lamulolo ndikulidziwa. Ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu zilipo, ndime 137A yokhudza akazi inawonjezedwa mlandu wa ku Blantyre utangotha, ndipo mu Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa ndime 153 ndi 156. Mu Julaye 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera anthu ambiri kuguba m'misewu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Anthu amenewo ali ndi ufulu womvedwa, ndipo mtolankhani woona ayenera kulemba zimene iwo anena popanda kuwanyoza kapena kuwapotozera mawu. Koma malamulo aakulu omwewo, amene pa ndime 36 amatipatsa ife ufulu wofalitsa nkhani, pa ndime 19 amati ulemu wa munthu aliyense usaphwanyidwe, ndipo pa ndime 21 amateteza chinsinsi cha munthu. Sanalembe kuti kupatula awa. Munthu amene wagwidwa ndi ng'ombe yakuba timamutcha woganiziridwa mpaka khothi ligamule. Wopha munthu timamulola kunena mbali yake. N'chifukwa chiyani pa nkhani iyi yokha timaponya pansi malamulo a ntchito yathu?

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna akonzi anzanga achisiye. Bambo akagwirira mwana wamwamuna, timalemba mutu wofanana ndi umene timalemba pa akuluakulu awiri ogwirizana. Kugwirira mwana ndi nkhanza kwa mwana, kaya mwanayo ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, ndipo kuyenera kutchulidwa choncho. Tikasakaniza ziwirizi timavulaza mwanayo kawiri, chifukwa makolo amaopa kukanena kupolisi poganiza kuti mwana wawo ndi amene asekedwe. Ku zipatala nakonso kuli chimodzimodzi. Ndondomeko za boma zolimbana ndi HIV zimatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira ndi chithandizo. Munthu amene wamva m'mawa pa wailesi anthu akukuwa kuti otere awotchedwe, masana sapita kukayezetsa, ndipo ena mwa amuna amenewa ali ndi akazi kunyumba.

Anzanga oyendetsa mapulogalamu oimba foni, inu ndi amene muli pamoto kwambiri. Womvera akaimba n'kunena kuti chipembedzo chake sichilola, musiyeni amalize, ndi maganizo ake. Koma akayamba kutchula dzina la munthu ndi kumene amakhala, kapena akanena kuti aphedwe, dulani foniyo nthawi yomweyo ndipo muuze omvera chifukwa chake mwaidula. Musaseke nawo kuti pulogalamu ikome. Olemba masewero, ngati mwaika munthu wotere m'sewero lanu, mupatseni dzina, mupatseni agogo amene amamukonda, mupatseni lendi yoti alipire kumapeto kwa mwezi. Omvera adzagamula okha, koma adzakhala akugamula za munthu.

Masiku ano sipafunikanso makina osindikizira kuti munthu aonongeke. Chithunzi chimachoka pa foni imodzi n'kufika m'magulu a WhatsApp a mpingo, a kuntchito, a anzathu a kusukulu ndi a abale a ku Johannesburg tsiku lisanathe, chili ndi dzina, dera ndi nambala ya foni. Amene anachitumiza koyamba simukumudziwa, ndipo chimene anayambanirana ndi mwini chithunzicho simukuchidziwa. Chikafika kwa inu, mkonzi wa tsamba loyamba ndinu. Musachitumize kwina, ndipo amene wachiika m'gululo mufunseni ngati angakondwe mwana wake ataikidwa choncho.